Msika wa Lizulu pa Makoma a ku Greenbelt

Lenifa Mumba anafika ku Greenbelt, ku Maryland, m'chaka cha 1981. Anatsatira mwamuna wake Redson, amene ankaphunzira za nthaka pa yunivesite ya ku College Park. Kwawo ku Ntcheu, Lenifa anali mphunzitsi wa Sitandade 2, wodziwika ndi mawu ake omveka mpaka kuseri kwa bwalo la mpira. Kuno analibe kalasi, analibe choko, ndipo mwana wawo Dyna, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anali atayamba kumuyankha m'Chingerezi.

"Dyna, tabwera udzasambe."

"In a minute, Mom."

Zimenezi zinkamuwawa. Atacheza ndi amayi anzake kutchalitchi anapeza kuti vutoli lili m'nyumba zonse: ana amamva Chichewa bwinobwino, koma kuti atulutse liwu, ayi ndithu. Choncho Lenifa anapempha chipinda chapansi pa tchalitchi chawo ku College Park, n'kuyamba kuphunzitsa ana Loweruka lililonse m'mawa. Kunkabwera ana a ophunzira anzake a Redson, ana a ogwira ntchito ku ofesi ya kazembe, ndi ana awiri a Bupe, namwino wa ku Lusaka amene ankagwira ntchito pachipatala china chapafupi.

Mabuku panalibe. Lenifa analemba yekha nkhani ya mtsikana amene azakhali ake anamutenga koyamba kukagulitsa kachewere pamsika wa Lizulu, mbuzi ya munthu wina n'kudula chingwe, n'kusokoneza msika wonse. Ana anaikonda nkhaniyo koma anafuna zithunzi. Lenifa anayesa kujambula. Atawaonetsa mbuzi yake, anawo anaseka mpaka wina kugwa pampando.

Mkati mwa sabata anatsikira kuchipinda chochapira zovala cha m'nyumba yosanja imene ankakhala, atanyamula basiketi ndi mapepala ake aja. Akuponya zovala m'makina, anamva munthu akutsokomola kumbuyo kwake. Anali mzungu wachikulire, wamtali kwambiri, wa magalasi okhuthala, amene ankakumana naye nthawi zina pamasitepe. Pepala la mbuzi linali m'manja mwake, ataliyandikitsa kumphuno.

"Pepani mayi, galu wanuyu akudwala chiyani?" anafunsa mkuluyo m'Chingerezi chake cholemera.

"Si galu ameneyo, bambo. Ndi mbuzi."

"Mbuzi." Mkuluyo analiyang'ananso pepalalo, kenaka n'kulitembenuza. Anasolola pensulo m'thumba la malaya, natsamira pamakina ochapira. Anakoka mizere yowerengeka chabe, mbuzi n'kuima papepalapo, khosi litapindika, diso lili pa chinthu chimene sinayenera kudya.

Lenifa anaiwala zochapa. "Mwachita bwanji zimenezi?"

"Ndinayamba inu musanabadwe."

"Koma ubweya wachuluka. Mbuzi zakwathu sizifunda bulangete chotere."

Mkuluyo anaseka mpaka kuchotsa magalasi. "Ndiye mudzandiuze za mbuzi zakwanuzo. Dzina langa ndine Eilif Rognstad, kwathu ndi ku Norway. Ndimakhala pamwamba panu. Ndimakumvani mukamaimba pophika."

Lamulungu masana Lenifa anakwera kwa a Rognstad pamodzi ndi Redson ndi Dyna. M'nyumbamo munkanunkhira khofi ndi mapepala akale. Pamakoma panali zithunzi za nyanja yotuwa, mabwato, ndi amuna a ndevu akukoka maukonde. Pakona panali chitini chodzaza mabulashi, onse atauma gwa.

Mkuluyo anawathirira khofi, ndipo Redson atangofunsa za chithunzi chimodzi, nkhani inayamba kutuluka ngati ya munthu amene wakhala nthawi yaitali osacheza ndi aliyense. Anabadwira pachilumba china kumpoto kwa Norway, kumene nyengo yozizira dzuwa limatha masabata osatuluka. Bambo awo anali msodzi, ndipo ankafuna kuti mwana wawo adzakhalenso msodzi. Koma mwanayo akakwera bwato ankangosanza, akatsika n'kumajambula ndi makala pamabokosi a nsomba. Mphunzitsi wa pachilumbapo ndi amene anaumiriza kuti apite ku Oslo akaphunzire zojambula. Kumeneko anagona ndi njala kangapo, mpaka anthu osindikiza mabuku a sukulu atamupatsa ntchito.

"Ana ambiri akwathu anaphunzira kuwerenga akuyang'ana ng'ombe zanga," anatero a Rognstad, akutsitsa kabuku kong'ambika m'mbali pashelefu. Dyna anakalandira ndi manja awiri monga anaphunzitsidwira.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itafika, asilikali a ku Germany atalanda dzikolo, a Rognstad ankajambula zithunzi zowaseka m'timanyuzipepala tofalitsidwa mobisa. Atamva kuti akufunidwa anathawa wapansi kudutsa m'mapiri mpaka ku Sweden. Nkhondo itatha anakumana ndi namwino wa ku America dzina lake Ruth, n'kukwatirana naye, ndipo patapita zaka anasamukira kwawo kwa mkaziyo. Ntchito anaipeza pamalo ofufuza za m'mlengalenga pafupi ndi Greenbelt pomwepo. Akatswiri ankawapatsa mapulani a maroketi ndi masetilaiti asanapangidwe, iwo n'kumajambula mmene zinthuzo zidzaonekere zikamadzayandama kumwambako.

"Nanga mabulashiwa anaumiranji?" anafunsa Lenifa.

"Ruth anamwalira. Ndinalibe womuonetsa." Kenaka anamenya tebulo ndi chikhatho. "Bweretsani nkhani yanuyo. Mundimasulire liwu lililonse."

Zithunzi zoyamba zinabwera msanga, ndipo zonse zinali zolakwika. Mapiri a ku Lizulu ankatsetsereka n'kulowa m'nyanja. Nyumba zinali zamatabwa. Azakhali a m'nkhaniyo ananyamula thumba la kachewere paphewa ngati msodzi, ndipo mwana wakumbuyo ankaoneka kuti agwa nthawi ina iliyonse. Lenifa anawaonetsa tizithunzi ta kamera timene anabwera nato, koma tinali tating'ono, topanda mtundu, anthu ake ataima chilili ngati asilikali.

"Izi sizindithandiza," anatero a Rognstad. "Setilaiti inali ndi mapulani. Munthu alibe mapulani. Ndiyenera kuona mmene khosi limakhalira katundu akakhala pamutu, mmene wogula amapindira milomo akamva mtengo. Ndibweretsereni msikawo kuno."

"Msika wonse?"

"Wonse, ndi mbuzi yomwe."

Lenifa anatsika masitepe akuseka, koma pofika pakhomo pake anali atayamba kale kuwerengera m'mutu anthu oti awaimbire foni.

Msika wa Lizulu unachitika Loweruka lina la mwezi wa June, pakapinga wa kuseri kwa nyumba yosanjayo. Redson anabweretsa matumba a kachewere, kabichi ndi tomato. Fryson, wophunzira wa ku Thyolo, anabwera ndi njinga, n'kumangirira thumba kumbuyo ndi malamba a chubu monga amachitira kwawo. Mbuzi anakaibwereka kwa mlimi wina wakumidzi, kumene Amalawi ankagula mbuzi ya Khirisimasi. Amayi anatulutsa zitenje zimene zinakhalitsa m'masutikesi, zikununkha mankhwala a njenjete.

Mayi Anastazia Kalinde, akazi a mkulu wina wa ku ofesi ya kazembe, anafika atavala nsapato zazitali ndi chipewa. Ananeneratu kuti abwera kudzaonerera basi. Koma ataona mtsikana wina akulimbana ndi dengu la kabichi, mtima sunawapirire.

"Iwe, nkhata sapinda choncho. Tabweretsa kuno." Anavula nsapato ndi chipewa, namanga chitenje chabuluu m'chiuno, napinda nkhata, n'kusenza dengulo. Anayenda nalo pakapingapo manja ali m'mbali, akucheza ndi anzawo ngati pamutu palibe kanthu.

"Musaime, mayi, musaime," ankatero a Rognstad, akuwatsatira chammbali, pensulo ikuthamanga. Pepala likadzaza ankangolitaya pansi n'kuyamba lina. Anagwada, anaimirira, anakwera pabenchi, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri. Ana anawakhazika kuseri kwa milu ya tomato, ndipo Lenifa anawaphunzitsa kuitanira malonda. Poyamba ankanong'ona mwamanyazi. Pasanapite nthawi bwalo lonse linadzaza mawu awo.

"Kachewere pano, amayi. Wokumba lero."

"Tomato wakupsa, tiwonjezera pulaizi."

Azungu ndi anthu akuda a m'nyumba zoyandikana anatuluka kudzaona. Mayi wina anasankha kabichi ziwiri n'kutsegula chikwama chake, ndipo zinatenga nthawi kumufotokozera kuti msikawu ndi wojambulitsa chabe. Pamapeto anangomupatsa kabichizo.

Yovuta inali mbuzi. Nkhani inkafuna mbuzi yothamanga, koma iyi itamasulidwa inagona pamthunzi n'kuyamba kubzikula. Fryson anaikoka, ana anaiombera m'manja, Redson anaionetsa tsamba la kabichi, koma inangowayang'ana. Kenaka Bupe, amene dzuwa linamukwana, anatsegula ambulera yake pafupi nayo. Mbuziyo inadzambatuka, inalumpha mulu wa tomato, inadutsa pansi pa njinga n'kuigwetsa, kachewere n'kumwazika paliponse. Anthu onse anaithamangira. A Rognstad okha ndi amene anaima pakati pa chipwirikiticho, akujambula ndi kuseka nthawi imodzi.

Madzulo a tsikulo, akutola mapepala pakapinga, anauza Lenifa kuti, "Mawa ndikukagula mabulashi atsopano."

Nyengo yotentha yonse ankamveka akuyendayenda pamwambapo kuyambira m'mawa. Sankalola munthu kuona. Fungo la penti linkatsika mpaka pamasitepe, ndipo Lenifa akalimva mtima unkamudumpha. Kumapeto kwa August anawaitana. Lenifa anakwera ndi Redson, Dyna ndi Bupe. Zithunzizo anazitsamiritsa kukhoma kuzungulira chipinda chonse, mwini wake ataima pakati, manja ali kumbuyo.

Anthu a m'zithunzimo anali amoyo. Mayi Kalinde ankayenda ndithu, mbuzi inali m'malere. Koma mitundu yake inali yachilendo. Thambo linali ngati madzi a m'chithaphwi. Tomato anali wodera ngati wowola. Chitenje chabuluu chija chinasanduka chamatope. Redson anayamba kuyamikira mmene njinga inakhalira.

"Agogo," anafunsa Dyna m'Chingerezi, "bwanji kumwambaku kwada?"

"Kwada? Ndi kwabuluu kumeneko, mwana wanga."

Bupe anawagwira mkono mkuluyo, n'kupita nawo pawindo. Anawapempha kuti achotse magalasi, nawayang'anitsitsa m'maso. Kenaka anatembenukira kwa Lenifa, n'kulankhula m'Chinyanja chake cha ku Lusaka.

"Amdala aba bali na ng'ala, mwaona? Maso yonse yabili. Manje vonse baona monga vili mu tiyi."

Atawauza m'Chingerezi, nkhope ya a Rognstad inafiira. Anati maso awo ali bwino, anati akhala akusakaniza penti moyo wawo wonse ndipo sangaphunzitsidwe mtundu wa thambo ndi namwino. Anatsegula chitseko n'kuima pambali. Alendowo anatuluka mwakachetechete.

Kuyendayenda kwa pamwamba kuja kunaleka. Lenifa anagogoda kangapo osayankhidwa. Ana kukalasi ankafunsa za zithunzi, iye n'kumangoti zikubwera. Tsiku lina anatenga tomato mmodzi wakupsa bwino, anakwera, n'kugogoda mosalekeza mpaka chitseko chinatseguka. Mkuluyo anali asanamete ndevu.

"Bambo Rognstad, sindinabwere kudzakangana nanu. Ndingofunsa. Tomato uyu ndi wamtundu wanji?"

Anamutenga, namutembenuza m'manja. "Mukufuna ndinene kuti ndi wofiira."

"Ndikufuna munene zimene mukuona."

Anakhala pampando mwaulesi. "Ndikuona chinthu chodera. Ndakhala ndikuwerenga maina pamachubu a penti kuti ndidziwe uli m'katimo. Ndimaganiza kuti dzanja likumbukira lokha." Anamuika tomatoyo patebulo. "Mayi Mumba, maso awa ndi amene andidyetsa chibadwire. Munthu akalowetsamo mpeni n'kulakwitsa, nditsala ndi chiyani?"

"Mutsala ndi ife. Koma Bupe akuti kuchipatala kwawo amachita zimenezi tsiku ndi tsiku, anthu n'kutuluka akuona. Bambo a Dyna akuperekezani pagalimoto. Inenso ndipita, ndikakhala pakhomo mpaka mutuluke."

"Ndinu wovuta ngati mphunzitsi wanga wa pachilumba uja."

"Aphunzitsi tonse ndife amodzi."

Opaleshoni ya diso loyamba inachitika mu October. Tsiku lokachotsa bandeji, Redson anajomba kalasi n'kutenga a Rognstad ndi Lenifa pagalimoto yake yakale. Dokotala atamatula bandejiyo, mkuluyo anaphethiraphethira, misozi ikutsika, n'kungoti kuwala kwachuluka. Anawaveka magalasi akuda, n'kutuluka nawo Lenifa atawagwira mkono.

Ali pamsewu wobwerera ku Greenbelt, pamene pali mitengo mbali zonse ziwiri, a Rognstad anatsitsa magalasi akudawo pang'ono. Inali nyengo imene masamba amasintha mtundu asanayoyoke.

"Redson, imani."

"Pano saimapo, bambo."

"Imani, ndapota nanu."

Redson anakhotetsera galimoto pambali. Mkuluyo anatsika, natseka diso losachitidwalo ndi chikhatho, n'kuima m'mphepete mwa msewu kukamwa kuli yasa. Analoza mtengo wina wofiira psu, analoza wina wachikasu, analoza kumwamba. Basi ya ana a sukulu inadutsa, iwo n'kuitsatira ndi mutu mpaka itakhota.

"Basi ija ndi yachikasu chotere masiku onse?"

"Masiku onse," anayankha Lenifa.

Anatembenuka n'kumuyang'ana iye. "Nanga duku lanuli? Muli zobiriwira, muli zofiirira, mulinso timizere toyera. Ine ndimayesa ndi nsalu yakuda." Anayamba kuseka, akusinthanitsa chikhatho kuchoka diso ili kupita linalo. "Uku matope, uku dziko. Uku matope, uku dziko. Ndakhala zaka zingati m'matopemu osadziwa?"

Atafika kunyumba anakwera masitepe mothamanga moti Redson anachita kuwakuwira kuti asamale. Anatsegula chitseko, n'kuima kutsogolo kwa zithunzi zawo zija. Anaziyang'ana chimodzichimodzi.

"Ndani wajambula zonyansazi?" anafunsa. Kenaka anaseka mpaka kukhala pansi. "Ndipo inu munangoima apa mwaulemu, Redson n'kumayamikira njinga."

"Njingayo inali bwino ndithu," anatero Redson.

Dokotala anawaletsa kugwira ntchito kwa kanthawi, ndipo Bupe ndi amene ankabwera kudzaonetsetsa kuti amvera. Atangololedwa anayambiranso zithunzi zonse. Diso lachiwiri analichita chisanu chitayamba. Kunja chipale chofewa chinkagwa, koma m'chipinda mwawo munali dzuwa la ku Ntcheu. Tsopano chitseko sankatseka. Ankaitana Lenifa pafupipafupi kuti afunse. Dothi la kumeneko ndi lofiira motani? Lenifa anatenga njerwa panja n'kuinyowetsa, nati, chonchi mvula ikagwa. Nanga mapiri akakhala patali? Redson anafotokoza za utsi wa nthawi yotentha tchire. Mayi Kalinde anatumiza chitenje chawo chabuluu kuti chikhale komweko mpaka ntchito ithe. Ana a kalasi ya Loweruka ankabwera kudzaima kuti awajambule nkhope, n'kumawaphunzitsa mawu a Chichewa. Mkuluyo ankawabwereza mokhotakhota, anawo n'kumawakonza mwaukali ngati aphunzitsi enieni, osazindikira kuti pochita zimenezo akulankhula okha chinenerocho.

Mwezi wa April 1983, oyang'anira laibulale ya m'tauniyo anawapatsa chipinda chachikulu kuti aonetse zithunzizo. Kabuku nakonso kanali katatuluka kwa wosindikiza wina wamng'ono, zithunzi kumanzere, mawu a Lenifa kumanja. Lenifa atakagwira koyamba anakanunkhiza, nakatsegula, nakatseka, n'kukatsegulanso.

Tsiku lachionetsero kunadzaza anthu. Amalawi anabwera kuchokera ku Washington ndi ku Virginia, ena ndi mbale za mandasi ndi zitumbuwa. Kunabweranso gulu la anthu a ku Norway okhala cha ku Fairfax, atavala majuzi oluka, atanyamula timikate tawo topyapyala. Poyamba magulu awiriwa anaima motalikirana, aliyense ndi mbale yake. Zithunzi ndi zimene zinawasakaniza. Amalawi ankadzipeza okha pakhoma n'kumakoka aliyense amene ali pafupi kuti adzaone.

"Uyu ndine," ankatero Fryson kwa mkulu wina wa juzi. "Apa n'kuti njinga isanagwe."

Mayi Kalinde anaima nthawi yaitali patsogolo pa chithunzi chawo, atasenza kabichi, opanda nsapato. Amuna awo anafika pambali pawo atavala suti, nayang'ana chithunzicho, nayang'ana akazi awo.

"Umu ndi mmene ndinakuonerani koyamba ku Dedza," anatero motsitsa mawu.

Mayi wina wokalamba wa ku Norway anayendayenda m'chipindamo, kenaka anapita kwa a Rognstad n'kuwagwira manja onse awiri. Anati atangoona mbuziyo anazindikira dzanja la mkuluyo, chifukwa buku lake loyamba kusukulu linali ndi nyama za maso ochenjera omwewo. Awiriwo analankhula chinenero chawo mofulumira, onse akupukuta m'maso.

Itakwana nthawi, Lenifa anaimika ana a kalasi yake pamzere. Aliyense anawerenga tsamba limodzi m'Chichewa, mokweza, wina akatha mnzake n'kulandira. Pofika pamene mbuzi ikudula chingwe, Amalawi anali akuseka kale, a ku Norway n'kumaseka nawo poyang'ana pakhoma. Atamaliza, anthu anaomba m'manja, amayi ena n'kululutira mpaka woyang'anira laibulale anasuzumira pakhomo.

Kenaka anapempha a Rognstad kuti alankhule. Anaimirira, nakonza tayi.

"Zikomo kwambiri," anayamba m'Chichewa, liwu lililonse palokha. "Ine ndakondwa. Mbuzi wavuta." Anthu anaseka, ana n'kukuwa kuti ndi "yavuta". Mkuluyo anakweza dzanja, napitiriza m'Chingerezi. "Ndajambula nyanja yakwathu imene ndinaiona. Ndajambula zam'mlengalenga zimene sindidzaziona. Msika uwu uli pakati. Ndaujambula ndisanauone, koma ulipo, ndipo basi imafikako. A Mumba akubwerera kwawo chaka chamawa. Ngati andilola, ndipita nawo. Ndikufuna ndikaone ngati ndanama."

Lenifa anayang'ana Redson. Redson anatambasula manja kusonyeza kuti nayenso akuzimva kumene.

"Bambo Rognstad," anatero Lenifa, "kwathu kulibe makina ochapira."

"Ndidzachapa pamanja. Ndinakulira pachilumba."

Anthu ambiri ankayesa ndi zonena za pachisangalalo, koma mkuluyo anayamba kukonzeka mawa lake lomwe. Anakabayitsa jakisoni, anagula chipewa chachikulu, anagawa mipando yake kwa ophunzira. Zithunzi za nyanja anazitumiza kwa mchemwali wawo ku Norway, kumene ankati akapumira akadzachoka ku Malawi. Za msika anazisiyira kalasi ya Loweruka, imene Mayi Kalinde anavomera kuipitiriza. Redson atamaliza maphunziro ake pakati pa 1984, anthu anayi ananyamuka pabwalo la ndege la Dulles, gulu lonse la kutchalitchi litawaperekeza. Sutikesi ya a Rognstad inalemera kuposa ya wina aliyense. Ataitsegula kuti aipepuze, munali machubu a penti ndi mapepala okhaokha, malaya ochepa atawakulungira mabulashi.

Mkuluyo anakhala ku Ntcheu chilimwe chonse, m'nyumba ya mphunzitsi pafupi ndi sukulu imene Lenifa anabwererako. Kuchoka kumeneko anapita kwawo kuchilumba, kumene anajambulabe mpaka anamwalira mu 1988.

Koma Lenifa akamakamba za iwo, amakonda kuthera pa tsiku limene anafika nawo koyamba pa Lizulu. Anatsika basi m'mawa, mphepo yozizira ikuomba kuchokera kumapiri. Amayi ogulitsa anawazungulira ndi mabeseni a kachewere, anyezi, nyemba ndi mapichesi, aliyense akuitanira wake. Mkuluyo anaima pakati pawo, wamtali kuposa onse, akutembenuka pang'onopang'ono.

"Mwanama kapena simunaname?" anafunsa Lenifa.

"Ndinachepetsa," anayankha. "Anthu ndi ambiri kuposa apa, ndipo kuwala kukuchokera pansi, m'dothimu. Simunandiuze zimenezo."

"Sindinkadziwa kuti n'zouza munthu."

Anapempha pokhala. Mayi wina wogulitsa anyezi anakhuthula dengu lake, nalivundikira pansi, n'kuwalozera. A Rognstad anathokoza m'Chichewa, anakhala, natsegula mapepala pamaondo. Dzuwa litafika pamutu Lenifa anabwera kudzawatenga kuti akadye, koma anapeza atazunguliridwa ndi anthu, mphuno itapsa ndi dzuwa, akujambula mkulu wina wogulitsa makasu amene anali ataumirira kuti ayambe wapesa kaye ndevu.

"Pitani mukadye," anatero osadzutsa mutu. "Ine pano sindichoka."